Hydrometer ikungondisokoneza, mowa wanga wapsa kapena ukadali?

AphiriDZ

Wawa akuluakulu. Ndili pa Dedza boma pano, ndayamba kumene zofulula mowa wa m'mabotolo pakhomo, wa mtundu wa ale uja, si wa geni ayi ndi wongomwa ife tomwe ndi anzanga. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndi amene amanditumizira chimera cha barley, ma hops (zowawitsa mowa) ndi yisiti akapeza munthu wobwera kumudzi, nde ulendo uno anaikamonso hydrometer, kagalasi koyandama koonera shuga amene ali mu mowa, ati ndisiye zomangoganizira. Yoyamba inafika ili zidutswa zokhazokha m'chikwama, iyi ndi yachiwiri ndipo ndimachita kuigwira mwamantha chifukwa ikasweka iyi nde kudikiranso miyezi.

Nkhani ili chonchi. Ndafulula malita 20 mu bigiri ya pulasitiki ya chivindikiro ndi airlock yake, kotulutsira mpweya kaja. Barley anali wochepa nde ndinaphatikizamo chimera cha mawere chogula pamsika, mwina gawo limodzi mwa atatu. Nditamaliza kuwiritsa ndinatunga pang'ono m'kachubu nkuyeza, inaonetsa 1.041, ndinakhumudwa kwambiri chifukwa resipe imati ndipeze 1.050. Ndinasiya kachubu kaja pa tebulo nkumatsuka mapoto, pobwera ndikupeza kakuonetsa 1.050 ija, madzi omwewo palibe anawagwira. Nde yoona ndi iti pamenepa?

Pano patha sabata ndi masiku angapo, airlock inasiya kalekale kutulutsa mpweya. Ndikayeza ikundipatsa 1.022, ndikaitulutsa nkuibwezeramo 1.018, ndikaisiya kanthawi ikumakwera yokha ine ndikuona mpaka 1.024. Komanso ikangolowa imathawira kukhoma kwa chubu nkukakamira pomwepo, mbali ya manambala kutembenukira kwina, thovu nalo lili pamwamba mzere osaoneka olo pang'ono. Ndipo kuyeza kulikonse kukundidyera pafupifupi kapu yathunthu, pa malita 20 zimawawa abale, kubwezera mu bigiri ndikuopa kuti mowa wonse usasa.

China, ndinapita nayo kwa azakhali anga ku Bembeke amene amafulula masese, timafuna tidziwe kuti mowa wawo uli ndi mphamvu yochuluka bwanji. Inangoima ngati mthiko mu nsima, pomwe waisiya mpomwe yaima, ukaikankha pang'ono ikhalanso pomwepo. Azakhali anati chotsani galasi lanu lingaswekere mu mowa wa anthu, ndipo sanalakwe.

Tsono ndithandizeni. Chipangizochi nchofa kapena pali kagwiritsidwe kake? Nanga mowa wangawu ndithire m'mabotolo kapena ndidikire? Kumapeto kwa mwezi wa mawa kuli chinkhoswe cha mlongo wanga ndipo ndimafuna malume ndi alamu adzalawe, mabotolo a green ndatsuka kale kireti ziwiri.

Mphunzitsi_NU

A Phiri musathire kaye m'mabotolo, chonde. Ndiyambe ndi zimenezo chifukwa ndiye zoopsa, zinazi tikonza pang'onopang'ono. Ine ndimaphunzitsa physical science kuno ku Ntcheu komanso ndimafulula pang'ono, nde zomwe mwalembazi ndazizindikira zonse.

Hydrometer siyeza mowa ayi, anthu ambiri amasokonekera pamenepa. Imayeza kulemera kwa madzi anuwo poyerekeza ndi madzi eni eni, amene ndi 1.000. Shuga akasungunuka m'madzi, madziwo amalemera ndipo amaikankhira m'mwamba. Yisiti ikamadya shuga uja nkumatulutsa alcohol ndi mpweya, madzi amapepuka iyo nkumamira. Basi ntchito yake ndi yomweyo. Nde chilichonse chimene chingasinthe kulemera kwa madziwo kapena kuinyamula chimasintha nambala, iyo siidziwa kuti uyu ndi shuga kapena ndi thovu.

Za 1.041 ndi 1.050 zija ndi kutentha. Madzi otentha amapepuka. Tayang'anani pa kapepala kali mkati mwa galasimo, palembedwa timalemba ting'onoting'ono, zambiri ndi 20°C koma zina ndi 15.6°C kapena 60°F. Nambala imakhala yoona pa madigiri amenewo okha. Kwa ya 20°C ija, madzi akakhala pa 30 mumaonjezera mapointi pafupifupi 3 (pointi imodzi ndi 0.001), pa 40 mumaonjezera 6, pa 50 mumaonjezera 10. Inu munayeza akadali otentha ndithu mwina cha m'ma 45 mpaka 50, nde 1.041 kuonjezera 9 ndi 1.050 ija munaipeza atazizira. Yoona ndi yachiwiriyo. Kukazizira nako imasintha koma pang'ono, pa madigiri 10 mumachotsa pointi imodzi ndi theka basi, nde kuzizira kwa ku Dedza si kumene kukukupatsani 1.024. Ine sindidalira kwenikweni matebulo okonzera aja madzi akatentha kupitirira 35, bola kuika kachubu m'beseni la madzi ozizira nkudikira. Komanso galasi lake ndi lopyapyala, kuliviika m'zotentha kwambiri limatha kung'aluka.

Zomakwera yokhazo ndi mpweya. Mowa umene wangowira kumene umakhala ndi carbon dioxide wambiri mkati ndipo kukazizira amasungika wochuluka, nde tithovu timakakamira pa galasi nkumainyamula, mukaisiya nthawi yaitali mpamene imakwereranso. Musanayeze tengani makapu awiri oyera, muzithira mowawo uku ndi uku maulendo ambiri mpaka thovu lisiye kubwera, muusiye ukhazikike kenako thirani mu chubu mpaka kusefukira pang'ono kuti thovu lapamwamba ligwe. Poika hydrometer ipotokoleni ndi zala izungulire, tithovu totsala tichoke, ndipo muwerenge isanaime pakhoma. Chubu chikhale pamalo osapendekeka. Diso likhale pa mulingo umodzi ndi madzi osati kuyang'ana muli chiimire, ndipo madzi amakwera pang'ono m'mbali mwa kandodo kaja, inu werengani pansi pomwe madzi ali fulati osati pomwe akwera. Pamenepa pokha anthu amasiyana mapointi awiri.

Koma musanachite zonsezi iyeseni kaye iyoyo. Gulani madzi a batire pa filling station, aja osasakaniza ndi asidi, afike pa madigiri olembedwa aja, iyenera kuima pa 1.000. Manambala aja ali pa kapepala kongomata mkati ndipo kamatha kutsetsereka, makamaka chinthu choti chayenda pa basi kuchoka ku Joni. Ikaonetsa 1.003 sikuti yafa, muzingochotsa 3 pa nambala iliyonse. Mukafuna kuiyesanso kumtunda sungunulani magalamu 10 a shuga woyera m'magalamu 90 a madzi, iyenera kuonetsa 1.040.

Thermometer yanunso muiyese m'madzi a ayisi, iwerenge 0. Osaiyesa m'madzi owira nkumayembekezera 100, Dedza boma ili pamtunda pafupifupi mamita 1,600 ndipo kumeneko madzi amawira cha pa 95.

Mphamvu ya mowa mumaipeza pochotsera nambala yomaliza pa yoyamba nkuchulukitsa ndi 131.25. Mwachitsanzo 1.050 kutsika mpaka 1.012 ndi pafupifupi 5%. Koma nambala imodzi siikuuzani kuti wapsa, imene imakuuzani ndi nambala yosasintha masiku atatu otsatizana. Airlock musaikhulupirire, chivindikiro cha bigiri chikangokhala ndi kampata mpweya umatulukira pamenepo iyo nkukhala chete mowa ukuwirabe.

Nangozo_Lizulu

Achimwene a Phiri, za masesezo zisiyeni, azakhali anu ananena zoona. Mayi anga afulula masese moyo wawo wonse kuno ku Lizulu ndipo ine ndakulira pa mbiya, masese si mowa woyezedwa ndi galasi. Olo mutaukuntha bwanji umakhalabe ndi ufa woyandama mkati, ndi phala lija, nde galasi lanulo limangotsamira pa ufawo. Komanso masese amamwedwa akadali amoyo akuwira, amene mwamwa m'mawa si amene mumwe madzulo, mawa lake akhala atawawasa kwambiri. Nde nambala yake muifunira chani poti sakhala malo amodzi? Chibuku chomwe cha m'paketi chija chimakhala chikuwirabe nchifukwa chake paketi imakhala ndi kabowo pamwamba. Ngati mwafunitsitsa, sefani ndi kansalu kothina, muusiye ukhazikike ufa upite pansi nkuyeza madzi apamwamba okha, koma muyeneranso kuti munayeza pomwe unali wotsekemera chimera chitangogwira, apo ayi mulibe poyambira. Ndipo chimera china amathira pakati, nde masamu a aphunzitsiwo sangakwane bwinobwino.

Koma pa za m'mabotolo ine hydrometer sindingaisiye. Ndimapanga wine wa mapichesi nyengo yake ikafika, amachuluka kuno mpaka kumaolera pansi pamsika magalimoto a pa M1 akapanda kuima, nthawi zina ndimapanganso wa chidede. Ndimayambira pa 1.085 kapena 1.090 ndipo ndimadikira mpaka itsike pansi pa 1.000, imafika 0.995. Poyamba munthu umadabwa kuti zingatheke bwanji kupepuka kuposa madzi koma alcohol ndi wopepuka kuposa madzi nde shuga akatha yense imamira kupitirira. Wanu wa chimera sungafike kumeneko, umatsala ndi shuga wina amene yisiti siitha kudya, musadikire 0.995 mungakalambe.

Chimene ndikuona ine ndi kuzizira. July uno a Phiri, kwanu ku Dedza ndi kwathu kuno kuzizira kwake nkumodzi, m'mawa chifunga mpaka zala kuuma. Bigiri yanu ili pati? Ngati ili pa simenti ku stoo yisiti yagona imeneyo siinamalize ntchito. Ine nthawi ngati ino ndimaika chigubu pa thabwa kapena pa katoni, ndimachifunda bulangete ndi jekete yakale, usiku ndimaika mabotolo awiri a madzi otentha m'mbali mwake mkati mwa bulangetemo, ndipo chimakhala kuchipinda choyandikana ndi khitchini. Osati padzuwa, masana chitentha usiku chizizira, komanso dzuwa limaononga fungo la ma hops anuwo.

Ndikuchenjezeni za mabotolo. Mnzanga wina wa kuno anathira wine wa nthochi ataona kuti thovu latha, unali June. Mabotolo anakhala bwinobwino mpaka kunja kutayamba kutentha mu September, nde anayamba kuphulika okha usiku m'kabati, magalasi kumwazikira m'nyumba monse muli ana. Mwayi palibe anavulala koma botolo la galasi likaphulika lili m'manja mwa munthu pa chinkhoswe ndi nkhani ina.

Za kapu imene ikukuwawaniyo, musabwezere, imwani. Ndi pomwe mumaphunzirira kuti 1.020 imakoma bwanji pakamwa ndipo 1.010 imakoma bwanji. Komanso simuyenera kuyeza tsiku ndi tsiku, mukangotsegulatsegula mpamene mumalowetsa zosasitsa. Fufuzani chubu chopyapyala cha 100 ml, olo kapulasitiki komwe hydrometer inabweramo kamagwira ntchito mukakaimika mu kapu.

MdalaWaKuTsangano

Ana inu mukuzivutitsa. Ife Angoni tafulula mowa chibwerereni kuno, pa ukwati, pa maliro, pa dima, palibe anaviikamo galasi. Mowa umamveka ndi khutu ukaika pa mbiya, umaoneka thovu lake likagwa, lilime limakuuza kuti shuga watha. Mukazolowera manambala mudzalephera kudziwa mowa wabwino ndi pakamwa panu ndipo zimenezo zimandidandaulitsa chifukwa amayi odziwa kufulula akutha, atsikana sakuphunzira. Ngati nzofuna makina, mwana wanga ku Lilongwe ali ndi kena kokhala ngati tochi, umangodontheza timadontho tiwiri nkusuzumira, palibe zotaya kapu yonse. Gulani kameneko a Phiri musiye kulimbana ndi galasi.

WamkakaBembeke

Pepani ndilowerere ndi funso langa. Ife ku bulking group tikapita ndi mkaka amayeza ndi lactometer kuona ngati munthu wathiramo madzi, kaonekedwe kake nkomweko. Singagwire ntchito pa mowa? Nanga ija ya amakaniko yoyezera batire? Ndafunsa chifukwa zimenezi nde zimapezeka kuno. Palinso ina ndinaiona kwa mayi wina wotcheza kachasu amati anaigula ku Villa Ulongwe.

Mphunzitsi_NU

Madala a ku Tsangano ndakumvani ndipo pa masese sindikutsutsani olo pang'ono. Ndipotu amayi athu aja amachita chinthu chimene a Phiri anayenera kutengera kwa iwo, ndifikako. Koma kusiyana kwake ndi koti mbiya ndi yotsegula, mpweya umatuluka, mowa umamwedwa masiku ochepa nkutha. Botolo la green ndi lotseka ndi chitsekero chachitsulo. Lilime silingasiyanitse 1.016 ndi 1.010 makamaka mu mowa wowawa ma hops, koma botolo limasiyanitsa. Taonani masamu ake, pointi imodzi imene yatsala kuti itsike ili ngati magalamu 2 a shuga pa lita. Pothira m'mabotolo timaonjezera dala magalamu 6 pa lita kuti mowa ukhale ndi gasi, amenewo botolo limapirira bwino. Tsono ngati mwatseka mowa utatsala ndi mapointi 6, ndiye kuti muli kale magalamu 12 obisika, kuphatikiza 6 anu aja 18, katatu muyezo wake. Ndi zimene anena a Nangozo zija.

Kokhala ngati tochiko ndi refractometer. Nkabwino kwambiri tsiku lofulula, timadontho tiwiri timazizira pompo ndipo mumadziwa shuga wanu m'masekondi, kamawerenga mu muyezo wa shuga wotchedwa Brix, 12 Brix ndi pafupifupi 1.048. Vuto ndi loti alcohol naye amapinda kuwala ngati shuga, nde mowa ukangoyamba kuwira kamanama mokweza. Mowa umene unayambira pa 12 Brix nkufika 1.010 yeniyeni, iko kaonetsa cha m'ma 6 Brix, munthu akatembenuza osakonza amapeza 1.024 nkumati mowa wanga waima pomwe unapsa kalekale. Pali ma calculator a pa foni okonzera zimenezi koma amafuna nambala yoyamba ija, ndipo pomaliza ine ndimatsimikizabe ndi hydrometer. Chimene refractometer imathandiza ndi kuona ngati nambala yasiya kusintha osataya mowa.

A Wamkaka, zonse zitatu ndi mtundu umodzi koma chilichonse anachipangira mulingo wake. Mkaka wabwino umakhala cha pa 1.028 mpaka 1.032 nde ma lactometer ambiri amathera pa 1.040 kumtunda ndipo kumunsi ambiri safika pa 1.010, mbali zonse ziwiri zimene wofulula amazifuna zili kunja. Ya batire imayambira pa 1.100 kukafika 1.300, mowa suoneka nkomwe, komanso chinthu choti chalowa mu asidi ndi mtovu chisayandikire chakumwa olo mutachitsuka bwanji. Ya kachasu ndi alcoholmeter, imagwira pa mowa wotcheza wopanda shuga, m'madzi imaima pa 0 ndipo imamira mowa ukakhala waukali. Mukaiika mu ale ingoyandama pamwamba pa 0 osakuuzani kanthu. Ndipo ndinene pano poti ambiri amaganiza choncho, siionetsa ngati kachasu ali ndi poizoni kapena ayi, imangoonetsa ukali.

Amene alibe chilichonse koma ali ndi sikelo ya digito ya kukhitchini angathe kuyeza ndi botolo. Yezani botolo la lita imodzi lopanda kanthu, lidzazeni madzi mpaka pakamwa nkuyeza, kenako mowa wochotsa gasi mpaka pakamwa pomwepo nkuyeza, zonse pa kutentha kofanana. Chotsani kulemera kwa botolo, gawani kwa mowa ndi kwa madzi, imeneyo nde nambala yomwe hydrometer ikanakupatsani. Pa lita galamu imodzi ndi pointi imodzi. Kabotolo kakang'ono sikathandiza pokhapokha sikelo yanu iwerenge 0.1.

Tsono kubwerera kwa a Phiri. Pali zinthu ziwiri zimene zingaimitse mowa wanu cha m'ma 1.018 ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba ndi kuzizira kumene anena a Nangozo, yisiti ya ale imakonda madigiri 18 mpaka 22, ikatsika pansi pa 15 imafooka nkugwa pansi shuga akadalipo. Chachiwiri ndi mawere anu aja. Chimera cha barley timachiviika pa 65 mpaka 67 chifukwa pamenepo sitachi yake imasungunuka ndipo ma enzyme ake amakhala akadali amoyo kuisandutsa shuga. Mawere, mapira ndi chimanga sitachi yake imafuna kutentha kokwererapo kuti imasuke, ndipo chimera chake chilibe mphamvu yodula shuga ngati ya barley. Nde mukangoziphatikiza pa 66 mbali ina imatsala yosadulidwa bwino, hydrometer imaiwerenga koma yisiti siingaidye. Amayi a masese ndi thobwa anaithetsa kalekale nkhani imeneyi, amaphika kaye phala liwire, lizizireko, kenako nde amathira chimera. Ulendo wina chitani chimodzimodzi, phikani mawerewo padera nkuwathira mu barley kuti ma enzyme a barley agwire ntchito yonse. Ndipo musanasefe tengani supuni imodzi ya madziwo pa mbale yoyera mudonthezepo ayodini wa pa bala uja, ikada bii kapena kuchita buluu sitachi ikadalipo pitirizani kuviika, zoyeserazo mutaye.

Kuti mudziwe kuti mwa ziwirizi ndi chiti, tungani kapu imodzi ndi theka muthire mu botolo loyera, muikemo yisiti yambiri ndithu, olo ya buledi theka la tiyisupuni ngati ya ale yatha, mutseke ndi kansalu kapena thonje osati chitsekero, muike pamalo ofunda bwino nkumakhutchumula pafupipafupi. Pakatha masiku atatu chotsani gasi muyeze. Ikatsika nde kuti mu bigiri mukadali chakudya, yisiti inangogona. Ikapanda kusuntha nde kuti mowa wanu wathera pomwepo, ukhala wolemerako pakamwa ndi wofookerapo koma mutha kuthira m'mabotolo mtima uli m'malo.

AphiriDZ

Zikomo kwambiri aphunzitsi, a Nangozo ndi madala. Ndabwera ndi zotsatira. Pa kapepala palembedwa 20°C. M'madzi a batire ikuima pa 1.003, m'madzi a shuga aja 1.043, nde kapepala kanatsetserekadi koma mofanana konse. Mowa wa mu bigiri nditauthira uku ndi uku mpaka gasi kutha ukuonetsa 1.019 ndipo pano siikukweranso yokha, ndikabwereza ikubwera yomweyo. Thermometer nditaiviika mu mowa m'mawa inawerenga 13, bigiri inalidi pa simenti. Kabotolo koyesera kaja ndinakaika pamwamba pa firiji kumbuyo kofunda, katsika mpaka 1.013. Nde ngati ndamva bwino mwatsala mapointi 6 omwe aja munawerengera aphunzitsi, thupi langa lachita tsembwe poganiza kuti kireti ziwiri zikanakhala m'chipinda chogona ana.

Bigiri ndaisamutsa, ili pa thabwa, bulangete ndi mabotolo a madzi otentha monga ananenera a Nangozo, pano ikusewera pa 18 ndi 19. Ndinaigwedeza pang'ono osatsegula kuti yisiti idzuke ndipo airlock yayambanso mwa apo ndi apo. Madala, azakhali ndawauza kuti ulendo wina akamaphika phala la mowa ndidzakhale nawo kuyambira tsiku loyamba ndione mmene amathirira chimera, avomera.

Funso latsala ndi loti ikafika 1.013 ndithire tsiku lomwelo? Nanga mphamvu yake ndiwerengere ndi manambala ochotsa 3 kapena omwe ndikuonawa? Nthawi ya chinkhoswe ikundithamangitsa.

Nangozo_Lizulu

Musathire tsiku lomwelo achimwene, ikafika muyezenso pakadutsa masiku awiri, ikakhala pomwepo nde thirani. Mwina siifika 1.013 ndendende, ikhoza kuima pa 1.014 chifukwa m'kabotolo munali yisiti yambiri ndi kufunda, pointi imodzi siivuta. Pa mphamvu zilibe kanthu, 3 uja ali mbali zonse ziwiri nde amadzichotsa yekha, 1.050 kufika 1.013 ndi mapointi 37, ndiye kuti 0.037, kuchulukitsa ndi 131.25 ija mupeza pafupifupi 4.9%. Koma m'buku lanu lembani zoona zake, 1.047 ndi 1.010, kuti mukadzagula hydrometer ina musadzasokonezeke.

Shuga wa gasi muyeze pa sikelo osati ndi supuni, pa malita 18 amene mwina atsalawo ndi magalamu pafupifupi 110, muwiritse m'madzi pang'ono, azizire nkusakaniza mofatsa mu mowa wonse musanathire. Botolo limodzi likhale la pulasitiki la Fanta kapena Coke, muzilifinya tsiku ndi tsiku, likalimba gwa nde kuti enawo gasi wakwana, likalimba msanga m'masiku awiri atatu tsegulani limodzi la galasi muone. Kumalo ofunda zimatenga masabata awiri, ndi kuzizira kwa kwanuko werengerani atatu ndipo kireti nazo muzifunde bulangete. Chinkhoswe chili kumapeto kwa August nde mukathira sabata yoyamba ya mweziwo mupeza nthawi.